Hedi Yanga Imatchinga Chitseko pa Kamwendo

Anandiuza kuti hedi ya injini yanga ili pa boda, ikudikira mapepala. Ndinaipeza ikutchinga chitseko cha shopu yake kuti chisamenyetseke ndi mphepo. Ameneyo ndi makaniko wina wa pa Kamwendo, ndipo lero mumva zonse. Ndikulemba zala zikadali ndi matuza, ndiye mukaona zilembo zapotoka mundikhululukire.

Dzina lake sinditchula, ulemu umenewo sakuyenera. Ine ndimamutcha Manjemanje, chifukwa ndi mawu okhawo amene anabwera nawo atakhalako ku Chipata miyezi ingapo. Ukamufunsa chilichonse, yankho ndi "manje manje, bigi," kutanthauza kuti pompanopompano. A pa Kamwendo mwamudziwa kale, musanamizire.

Kuti mumvetse chimene chikundiwawa, ndiyambe ndi ine mwini. Kwathu ndi kumbali ya Kachebere, koma ndimakhala kwa mkazi wanga Esinati ku Mkanda. Ndine mkamwini. Sindikudandaula za anthu ake, ndi anthu abwino. Vuto ndi lakuti mayi anga akalamba ndipo atsala okha pakhomo. Maso awo achita chidima, madzi amawatungira ndi anthu achifundo. Ndiye chaka chino ndinatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti nditenge Esinati ndi mwana wathu Chisomo tikakhale kwathu, pafupi ndi mayi. A Mbewe, atsibweni ake a Esinati, amene ndi eni mbumba, sanakane ndipo sanavomere. Anandipatsa dimba lawo pamodzi ndi pampu yawo ya petulo, nati, "Akamwini, limani matimati apa chilimwe chino. Tikaona mmene musamalire, za chitengwa tikamba mvula isanagwe."

Ndiye mukamamva ndikunena za pampu, musaganize kuti ndikulirira chitsulo. Ulendo wanga wa kwathu unali pa pampu imeneyo.

Matimati anamera bwino zedi, sindikudzitama. Anthu opita kudambo ankaima n'kumaloza. Anayamba maluwa dzuwa la Okutobala litafika poipa, nthawi imene ukangodumphitsa madzi maluwa amayoyoka. Ndipo mpamene pampu inayamba kutsokomola. Inkalira mofooka, ikupumira m'mbali, pamene pakumana hedi ndi thupi la injini pakutuluka mwaye wamafuta. Chingwe cholizira chinapepuka, ukakoka chimangobwera chokha. Nditamasula ndinapeza gasiketi yapsa mbali imodzi. Ndinagula ina, ndinaika, inapsanso pamalo pomwepo. Pamenepo ngakhale ine wa khasu ndinazindikira kuti vuto si gasiketi. Hedi, mutu wa injini uja, inali itapindika ndi kutentha, sinkakhalanso bwino pamalo pake. Inkafunika kuipala nkhope kuti isalale, chimene amakaniko amati kusikima.

Ndinaikulunga m'chiguduli, ndinamanga pa kaliyala, ndinapalasa. Amene munapalasapo njinga kuchokera ku Mkanda mpaka pa Kamwendo mwezi umenewu mukudziwa kuti umafika malovu atauma. Chimene chinanditengera pa shopu imeneyo ndi chikwangwani. Analemba zilembo zikuluzikulu kuti amasikima mahedi a njinga zamoto, mapampu, majenereta ndi zigayo. Anajambulapo ndi mashini ake omwe, okongola, amagudumu.

Anailandira hedi ija, anaitembenuza uku ndi uku akuimba mluzu. "Aaa, iyi ndi yaing'ono, bigi. Manje manje." Ndinamufunsa kuti mashiniwo ali kuti, poti mu shopumo ndinkangoona matayala akutha ndi wailesi. Anati mashini ali ku nthambi yawo ya ku Chipata. Nthambi! Munthu wopanda ngakhale mpando wa kasitomala ali ndi nthambi kunja kwa dziko. Anati ali ndi dalaivala wa thiraki amene amawoloka tsiku ndi tsiku, hedi ipita madzulo omwewo, ibwera mawa lake ikuwala.

Ine, m'malo mokayika, ndinamukhuthulira mtima wonse. Za matimati, za maluwa, za a Mbewe, mpaka za mayi anga. Anagwira pachifuwa, nati nayenso ndi mkamwini, ululu wake akuudziwa. Ndinalipira pomwepo zonse zimene anatchula, osanenerera. Za ndalamazo sindikambanso. Adye, anenepe.

Kunyumba tinagwira makheni. Dimba la a Mbewe lili potsetsereka, n'chifukwa chake anagula pampu. Madzi chilimwe chino atsikira pansi penipeni pa mtsinje. Ine ndi Esinati tinkatsika ndi kukwera kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litatiotcha mitu, madzulo chimodzimodzi. Ukathira kheni, nthaka imamwa kamodzi n'kamodzi, ukabwera ndi ina pauma kale. Mapewa a Esinati anatupa, koma sanadandaule. Mizere ya kumunsi tinkaikwanitsa. Ya kumtunda inayamba kuweramitsa mitu.

Mawa lake ndinaimba foni. Manje manje, thiraki yachedwa kupakira. Tsiku linalo, manje manje, ku Chipata magetsi anazima. Kenako foni inayamba kumangoitana. Nditaimbira pa nambala ya Esinati anayankha msangamsanga, mawu ake otsekemera, poganiza kuti ndi kasitomala watsopano. Atamva kuti ndine, anatsokomola kaye. Mpamene anandiuza kuti hedi yasikimidwa kale, yakongola kwabasi, koma aigwira pa boda, akufuna mapepala.

Mapepala a chiyani? Hedi yokwana m'thumba la jekete? Ili ndi pasipoti? Inapalamula mlandu wanji ku Zambia? Ife a kuno kumalire timapita kumaliro tsidya linalo n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ena munda wawo uli uko, nyumba ili kuno. Koma mayiko awiri aimitsa ntchito zawo zonse kuti alondere kachitsulo ka pampu ya a Mbewe?

A Mbewe anadutsa kudimba tsiku limenelo. Sanakalipe, iwo sakalipa. Anangovundukula thumba limene ndinaphimbira pampu, naona pamwamba pali pululu, nafunsa, "Mutu wake uli kuti, akamwini?" Ndinati uli ku Zambia. Anati, "Oho. Wapita ku Zambia." Anaphimbanso, anapita. Inu mukudziwa tanthauzo lake kuno, chinthu cha mwini chikati chapita ku Zambia. Pofika madzulo mudzi wonse unkanong'ona kuti mkamwini wa kwa a Mbewe wagulitsa zitsulo za pampu. Pa mjigo amayi ankasiya kulankhula Esinati akafika.

Tsiku la msika ndinalawira osaimba foni. Ndinafika dzuwa litakwera, mphepo ya fumbi ija ikuwomba. Manjemanje anali pakhonde la shopu yoyandikana ndi yake, akusewera bawo. Chitseko cha shopu yake chinali chotsegula, ndipo pansi pake anatsamiritsapo kachitsulo. Ndinakayang'ana, ndinapukuta m'maso, ndinakayang'ananso. Zipsepse zake zoziziritsira zija, chimodzi chobenthuka pakona, ndinkazidziwa ngati mano anga. Hedi ya a Mbewe! Nkhope yake yofunika kusalala ija itayang'ana pansi pa timiyala, chitseko chachitsulo chikuimenya mphepo ikawomba. Gu! Gu! Chiguduli changa chija chinali pakhomo pomwepo, anthu akupukutira mapazi.

Ndinaitola. Ndinapita pa bawo paja. Ndinati, "Akulu, mwaswera bwanji? Boda ija anaisamutsira pa chitseko chanu liti?"

Anzake anaseka chikhakhali. Iye m'maso muli gwa. Anamaliza kaye kuyendetsa timiyala take, kenako anati hediyo yafika m'mawa womwewo, ndiye anaiika pamenepo kuti ipitidwe mphepo. Ipitidwe mphepo! Yatopa ndi ulendo? Ndinaitembenuza, ndinamuonetsa nkhope yake. Mwaye uli momwemo. Zidutswa za gasiketi yanga yopsa ija zikadali zomatirira pamene ndinazisiya. Ndinamufunsa ngati ku Chipata amasikima ndi maso.

Apa tsopano mvetserani, chifukwa apa mpamene anandipha. Anadzuka, anandilanda hedi m'manja, nati, "Mukufuna kusikima, bigi? Tisikime manje manje." Ndinkaganiza kuti mwina mashini aja alipodi kuseri. Ayi. Anagwada pa sitepe ya shopu yake, anathira madzi a m'botolo, nayamba kukhula nkhope ya hedi pa simenti. Khwee! Khwee! Sitepe yake yokumbika pakati ndi mapazi a anthu, yodzaza mchenga. Ndinauma thupi. Iye akukhula, akundiuza kuti uku ndiye kusikima kwa pamanja, ndipo akatswiri enieni amachita chonchi. Pamene nzeru zinkandibwerera n'kumutsomphola, nkhope ya hedi inali itadzaza mizere yakuya, kona imodzi itadyeka.

Ndinakuwa, anthu a mumsika anayamba kusonkhana. Mukuganiza kuti anapepesa? Anasasa fumbi m'mawondo, nati ndisamuphunzitse ntchito, ine ndimadziwa khasu. Anati hediyo inali yakufa kale, iye amangondimvera chisoni. Kenako analowa mu shopu, natuluka ndi hedi ina yowala mbee, nati iyi ndi yatsopano, yochokera ku Zambia, andigulitsa motchipa poti ndine mkamwini mnzake. Ndinaikanda ndi chikhadabo. Penti ya siliva inachoka, pansi pake mwaye.

Mwaiona ntchito yake? Amakusungira hedi yako mpaka mbewu zako zitayamba kufa, mpaka utagwira njakata. Ukafika ukulira, amakugulitsa hedi ya munthu wina amene naye akudikira kwawo, atauzidwa kuti yake ili pa boda. Yako amaipopera penti, kudikira wotsatira.

Panali sipanala yaikulu pafupi ndi phazi langa. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, sindibisa. Chinandigwira dzanja ndi chinthu chimodzi chokha: mkamwini wogona ku polisi sapatsidwa chitengwa.

Ndikumanga hedi yanga pa kaliyala, bambo wina wonenepa amene ankadya tchipisi pafupi ndi thiraki yake anandikodola. Anali dalaivala wa ku Zambia, dzina sindinamufunse. Anaona zonse. Anatenga rula yachitsulo m'bokosi lake, anaigoneka pankhope ya hedi, naikweza kudzuwa. Kuwala kunkadutsa pansi pa rula malo angapo. Anapukusa mutu. "Mudala, uja muntu afuna kuipaya. Koma ikalibe kufa. Osayesa futi pa simenti. Sakilani gilasi."

Ankatanthauza kuti hedi sinafe, ndifunefune galasi. Anandifotokozera ataimirira pomwepo. Ndigule sanipepa wa m'madzi, wokhakhala ndi wosalala. Ndimuyale pa galasi lochindikala, chifukwa pamudzi palibe chinthu china chosalala mofanana ponseponse ngati galasi. Nkhope ya hedi ndiidetse yonse ndi inki, kenako ndizikhula mozungulira ngati ndikulemba nambala eyiti, osakanikiza, ndizitembenuza pafupipafupi. Pamene inki yatsalira, pamenepo mpolowa. Inki ikatha ponseponse, hedi yasalala. Pomanga, mabawuti ndizimanga modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono. Atatero anabwerera ku tchipisi chake. Bambo inu, ngati mawu awa angakupezeni kumene muli, Mulungu akuyendetseni bwino pamsewupo.

Sanipepa ndinamupeza mumsika momwemo, gasiketi yatsopano chimodzimodzi. Koma galasi lochindikala ku Mkanda? Mazenera athu ndi a matabwa. Kalilole wa Esinati ndi wam'manja. Mudzi wonse galasi lotero lili malo amodzi: patebulo la apongozi anga, mayi ake a Esinati, limene mwana wawo wa ku Joni anawabweretsera. Tebulo limenelo saikapo kapu. Amaliphimba ndi nsalu yoluka, amalivundukula pa Khirisimasi ndi pamene abusa abwera. Ine ndinangolionerapo patali chitseko chili chotsegula, chifukwa kuno mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi ake aakazi. Sitiyang'anana kumaso. Tikakumana panjira, wina amapatuka. Chikwatirireni sindinalankhulepo nawo maso ndi maso. Ndiye ndikayambire pati kupempha galasi lawo kuti ndikhulirepo chitsulo? Komanso taganizani, chitengwa chikatheka, amene atsale opanda mwana wamkazi ndi mdzukulu pakhomo ndi iwowo. Pampu ikafa, iwo sataya kanthu.

Esinati ndinamuuza kuti asakawauze. Anakawauza.

M'mawa mwake ndili pakhonde, ndinamva mapazi kuseri kwa nyumba. Apongozi aja anaima pakona, pamene sindingawaone, naitana mwana wawo mokweza kuti ine ndimve. "Iwe Esinati! Uwauze bambo a Chisomo kuti katundu wawo ali apa. Uwauzenso kuti ine mwana wanga ndikumufuna pano, sindibisa ayi. Koma akhale pano chifukwa ndamukaniza ine, osati chifukwa cha wakuba wa pa Kamwendo." Mapazi aja anabwerera. Kuseriko ndinapeza galasi atalikulunga m'chitenje chawo chatsopano, atalitsamiritsa kukhoma. Ndinalira, sindikunama. Bambo wamkulu ndi ndevu zanga, ndinakhala pansi n'kulira.

Ndinagoneka chitseko chakale pakhonde, ndinayala chitenje, ndinakhazikapo galasi. Mwaye ndi zotsalira za gasiketi ndinapala kaye ndi kathabwa. Nkhope ya hedi ndinaidetsa ndi cholembera chakuda chija timalembera mayina pamatumba a mtedza. Sanipepa nditamunyowetsa anamatirira yekha pagalasi. Ndinayamba kuzunguza, mtima uli m'mwamba kuopa kuti ndingaswe tebulo la eni ake.

Nditakhula pang'ono ndinatembenuza kuti ndione, ndipo mpamene ndinaiona bwinobwino ntchito ya Manjemanje. Kupindika kwa kutentha kuja kunali kochepa, kadera kamodzi pakati pa mabowo awiri a mabawuti. Inki ya pamenepo inachoka dzuwa lisanafike pamutu. Zimene zinatsala zakuda ndi mizere ya simenti yake, yakuya, yodutsa pomwe gasiketi imagwira, ndi kona ija anaidya. Mukumva? Matenda amene ndinapita nawo anali a m'mawa umodzi. Akanangondiuza tsiku loyamba lija kuti mashini alibe, ndikanafunsa kwina, pampu ikanalira maluwa asanagwe. Nthawi yonse yotsala imene ndinagwada pakhonde paja sindinkakonza injini ayi, ndinkafufuta zimene anachita iyeyo.

Ndipo ntchito imeneyi siifuna changu. Ukakanikiza kuti ufulumire, umadya mbali imodzi, wayambanso vuto lina. Umangozunguza, kutembenuza, kutsuka, kudetsanso, kuzunguza. Madzi amasanduka otuwa. Zipsepse za hedi zimakudula zala, matuza amaphulika, madzi amchenga aja amalowa m'mabala. Mawondo anachita dzanzi. Sanipepa wokhakhala anatha, ndinachita kukabwereka wina kwa kalipentala. Choipa kwambiri n'chakuti pamene ine ndinali pakhonde, kudimba kunali Esinati yekha ndi makheni. Ndikasiya hedi kuti ndikamuthandize, pampu ichedwa. Ndikapitiriza, mizere ina ikufa. Masana anabwera kudzamwa madzi, anakhala pansi, nati, "Bambo a Chisomo, akumtunda aja ndawasiya. Sindingathe." Ndinangowerama n'kupitiriza kuzunguza, ndikutukwana munthu uja chamumtima.

Tsiku lotsatira dzuwa litapendeka, mzere womaliza unasowa. Ndinadetsanso nkhope yonse, ndinakhula pa sanipepa wosalala, inki inachoka yonse pamodzi. Nkhope ili see, yotuwa mofanana kuyambira uku mpaka uko. Ndinaitsuka ndi petulo kuti pasatsale kamchenga, ndinathamanga nayo kudimba. Gasiketi yatsopano, mabawuti modumphitsa monga ananenera dalaivala uja. Nditakoka chingwe chinandikoka phewa, cholemera ngati kale. Ndinakokanso. Inalira! Osapumira m'mbali, osatsokomola. Paipi inagwedezeka, madzi anakwera mpaka kumtunda kwenikweni kwa dimba.

Koma anakapeza chiyani kumtundako? Mizere yonse itauma, ukagwira tsamba limangonyenyeka. Ya pakati inali yamoyo, koma maluwa onse ali pansi. Inatsala ya kumunsi yokha, imene Esinati anaipulumutsa ndi mapewa ake.

A Mbewe anaimva pampu ali kunyumba. Anabwera, anaizungulira, anayandikiza dzanja pa hedi kuona ngati ikutulutsa mpweya. Anaona chipsepse chobenthuka chija, navomereza kuti ndi mutu wake womwewo, sunagulitsidwe. Anati awauza anthu asiye zonong'ona. Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anayamba kuyenda mzere ndi mzere kukwera kumtunda, manja kumbuyo, ine ndikutsatira. Atafika pamwamba anathyola tsamba louma, nalifikisa m'manja.

"Akamwini, khama muli nalo, ndaliona ndi maso anga. Koma mutu wa injini munausiya kwa munthu wosamudziwa, chifukwa choti analemba bwino pakhoma. Nanga mwana wathu tikakupatsani, zikadzavuta uko mudzamusiya kwa ndani? Kukhala mutu wa banja kumafuna maso. Tidzaonenso chaka chamawa."

Ndinati, "Zikomo, bambo." Nanga mkamwini anganene chiyani?

Dzulo ndinapalasa kupita kwathu. Mayi anga anamva belu la njinga, anatuluka akupapasa khoma, akumwetulira. Anayamba kundiuza kuti nkhuku yoti adzaphere mpongozi wawo tsiku lofika yanenepa, ndipo pamalo podzamanga nyumba yathu anauza anthu alambule. Ndinawakhazika pansi, ndinawauza. Sanalire. Anasisita dzanja langa, zala zawo zikupeza matuza aja limodzi ndi limodzi. Kenako anati, "Chaka n'chachitali kwa ife okalamba, mwananga." Basi, mawu omwewo. Njira yonse yobwerera ndinkangowamva.

Ndiye ndili ndi mafunso, Manjemanje, ndipo ndikudziwa kuti anzako a pa bawo akuwerengera izi. Nthambi ya ku Chipata ili msewu uti? Dalaivala wako wowoloka tsiku ndi tsiku uja dzina lake ndani? Unkagona bwanji, utamva za mayi anga, chitseko chako chikumenya hedi imene ndinakupatsa ndi manja awiri? Unalibe mwala? Pa Kamwendo ponse miyala inatha? Ndipo hedi ya penti ija ndi ya ndani?

Inu amene munasiyako hedi n'kuuzidwa kuti ili pa boda, musaimbenso foni. Pitani lero, osamuuza. Yang'anani pansi pa chitseko, yang'anani padenga pamene apsinjira malata, kandani ndi chikhadabo chilichonse chowala chimene angakuonetseni. Mukatero mulembe pansipa zimene mwapeza, tiwerengane kuti tilipo angati. Inu a kabaza, inu a madimba, inu a majenereta, munthu akakuuzani kuti amasikima, muuzeni akuonetseni mashini ndi maso. Akayamba za nthambi, nyamulani chitsulo chanu muzipita.

Galasi lija ndinalitsuka bwinobwino, silinakandike ngakhale pang'ono. Ndinalikulunga m'chitenje chake, ndinatuma Esinati akabweze ndi nkhuku yothokozera. Nkhuku analandira. Galasi linabwerera. Esinati anati apongozi anena kuti, "Uwauze bambo a Chisomo kuti tebulo lidikira. Galasilo likadali ndi ntchito pa Kamwendo."

Ndiye tamvera, iwe. Sindikumenya. Sindikutengera kubwalo lililonse. Tsiku la msika likubwerali ukatsegula shopu yako, uyang'ane tsidya la msewu, pansi pa mtengo paja. Undipeza ndakhala, galasi lili pathabwa, sanipepa ali mu ndowa. Aliyense wobwera ndi hedi m'chiguduli ndimukodola asanaponde khonde lako. Ndimupalira ulere, iwe ukuona. Ndimugwiritsa ndi manja ake kuti adziwe yekha, akaphunzitsenso anzake kumudzi kwawo. Akafunsa chifukwa chake sindilipiritsa, ndimulozera sitepe yako n'kumufotokozera zonse, mokweza, kuti ndi a pa bawo omwe amve. Msika winawo ndibweranso. Mvula ikagwa ndibwera ndi pepala la pulasitiki.

Usaganize kuti nditopa. Nthawi ndili nayo yambiri, wandipatsa ndiwe. Chaka chimenechi chinali cha mayi anga, iwe wawabera. Ndichithera pakhomo pako.